Amwene, za dzuwa loimba Om zija

Amwene,

Uthenga wanu unandipeza Lachiwiri usiku itadutsa kale 11 koloko, paja kuno ku India tili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye ndinangoonera vidiyo ija kawiri n'kugona nayo m'mutu. Ndati ndisakuyankheni ndi ka voice note kothamanga chifukwa nkhaniyi yandikhudza kwambiri, ndiye pezani mpando. Alamu ndi ana ali bwanji? Nanga mayi mwendo uja ukuwapatsako mpata?

Mwati mukufuna kuionetsa ana anu a Folomu 3 poyamba mutu wa mafunde ndi mawu, poti ikunena kuti NASA, bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga, inajambula dzuwa likuimba Om, liwu lopatulika la Ahindu, komanso kuti pemphero la Ahindu lija la Gayatri asayansi alitsimikiza kuti ndi lamphamvu kuposa mapemphero onse. Chonde amwene musaionetse ngati zoona. Koma pempherolo musalitayire limodzi ndi vidiyoyo, chifukwa ine ndimalimva m'mawa uliwonse pamwamba pa mutu wangapa ndipo ndafika polilemekeza moti mabodza amene akulimatawo amandiwawa ngati akunamizira m'bale wanga.

Nyumba imene ndikuchita lendi kuno ku Pune ndi ya madala ena opuma pa ntchito ya njanji, zidzukulu zawo zimawaitana kuti ajoba, ndiye kuti agogo aamuna m'chinenero cha kuno cha Chimarathi, nanenso ndinangotengera pompo. Kachipinda kanga kali pafupi ndi masitepe okwerera padenga, paja madenga a kuno ndi a simenti afulati anthu amayanikapo zovala ndi tsabola. Kusanache ndimamva mapazi awo akukwera pang'onopang'ono, atasamba kale, atavala kansalu koyera m'chiuno, paphewa pali kaulusi kopatulika kaja, m'manja kamphika ka kopa kodzaza madzi. Amakhala pansi kuyang'ana kum'mawa, kumwa timadzi pachikhatho katatu, kugwira mphuno n'kupuma kangapo, kenako kuthira madzi aja kuloza kumene dzuwa litulukire. Akatero amayamba kunena pempherolo motsitsa mawu, zala zikuyenda pa mikanda 108. Pansi pamsewu amkaka akudutsa pa njinga zamoto, akhwangwala akulongolola, iwo osatembenuka n'komwe. Amabwerezanso dzuwa likamalowa.

Mawu ake ndi ochepa zedi, a Chisanskrit, chinenero chakale cha kuno:

Om bhur bhuvah svah
tat savitur varenyam
bhargo devasya dhimahi
dhiyo yo nah prachodayat

Mizere itatu yomalizayo ndi vesi ya mu Rig Veda, malemba akale opatulika a Ahindu, buku lachitatu, nyimbo ya 62, vesi 10, ndipo mwambo wawo umati anaipeka ndi mlauli wina dzina lake Vishvamitra. Akatswiri amati nyimbo za mu Rig Veda zinapekedwa cha pakati pa 1500 ndi 1200 Yesu asanabadwe. Mzere woyambawo mu vesi ya Rig Veda mulibe, unadzaikidwa kutsogolo pambuyo pake, ndipo umangotchula dziko lapansi, mlengalenga ndi kumwamba. M'Chichewa chathu ndingaliike chonchi: tikusinkhasinkha za kuwala kokoma kwa mulungu Savitr, iyeyo adzutse maganizo athu. Basi lathera pomwepo. Mulibe kupempha chuma, mulibe kupempha kuti adani agwe, ngakhale moyo wautali mulibe. Savitr ndi mulungu wa dzuwa, dzinalo limatanthauza wodzutsa, woyendetsa zinthu, ndipo komaliza kuja kali kamawu kakuti nah, kutanthauza athu, munthu ali yekhayekha padenga koma akupempherera nzeru za tonse. Ine Mkatolika wobatizidwa ndili khanda, sindipembedza dzuwa ndipo sindidzayamba, koma pempho limenelo ndikalimva mtima umavomera.

Tsono tibwere ku vidiyo yanu. Choyamba n'chimene inuyo mumaphunzitsa chaka ndi chaka ndi belu lotsekeredwa m'botolo lopopedwa mpweya lija: mawu sayenda popanda chowanyamula. Pakati pa ife ndi dzuwa pali makilomita 150 miliyoni opanda mpweya, ndiye palibe maikolofoni imene ingamve dzuwa. Chimene chilipo chenicheni n'chokoma kuposa bodzalo. Dzuwa limanjenjemeradi, mpweya wotentha umene umabwadamuka mkati mwake umaligwedeza ngati ng'oma, ndipo nkhope yake imakwera n'kutsika kamodzi pa mphindi zisanu zilizonse. Anaziona koyamba ku California cha mu 1960. Chombo cha SOHO, chimene a ku Ulaya ndi NASA anatumiza mu December 1995, chinayeza kukwera ndi kutsikako poona mmene kuwala kukusinthira, osati pomvetsera. Kenako wasayansi wina wa ku yunivesite ya Stanford anatenga manambalawo n'kuwathamangitsa ka 42,000 kuti khutu la munthu limveko kanthu. Tengani choko muwerengere nokha, mphindi zisanu ndi masekondi 300, mukagawa 42,000 ndi 300 mupeza 140, ndiye kuti kunjenjemera ka 140 pa sekondi, ndendende pamene pamakhala mawu a mwamuna wamkulu akamang'ung'udza atatseka pakamwa. N'chifukwa chake zikumveka ngati mmmm. Akanathamangitsa ka 400,000 zikanalira ngati wezulo ndipo palibe akanati ndi Om. Thiransifoma ya magetsi ija ya kuseri kwa sukulu yanu nayonso imang'ung'udza chimodzimodzi, ka 100 pa sekondi. Mhindu akamva amati Om, mwana wa kwathu angati njuchi zili mumphako, khutu limathamangira ku zimene linazolowera.

Zakuti pempheroli limatulutsa mafunde 110,000 pa sekondi zokha ndiye zinandipweteka mutu. Khutu la munthu limamva kuyambira 20 kulekeza 20,000, ndipo ife a zaka zopitirira 30 sitifikanso n'komwe pamenepo. 110,000 ndi dera la mileme. Kholingo la ajoba silingatulutse zimenezo ngakhale atanena mawu opatulika bwanji. Dzina la dokotala wa ku America amene akumutchula mu vidiyomo ndinalisaka m'nkhokwe za mapepala a kafukufuku zimene timagwiritsa ntchito ku yunivesite kuno, palibe pepala ngakhale limodzi. Komanso tangoganizani, kuchuluka kwa mafunde kungayeze bwanji mphamvu ya pemphero? Ndiye kuti mleme ndi woyera kuposa wansembe?

Palinso ija amati bhur bhuvah svah ndi dziko, mapulaneti ndi mlalang'amba, ndipo Om ndi phokoso la kuthamanga kwa zimenezi. Zoona dziko limathamanga makilomita 30 pa sekondi pozungulira dzuwa, dzuwa nalo pafupifupi 230 pa sekondi pozungulira mlalang'amba wathu, koma zikuthamanga mopanda mpweya ndiye zili zii. Ndipo zoti kuli milalang'amba ina kunja kwa wathuwu zinadziwika bwino m'ma 1920 ndi Edwin Hubble. Chimene ndaona ine n'chakuti omasulira amtunduwu nthawi zonse amabwera m'mbuyo, asayansi akavutika zaka n'kupeza kanthu, iwo ndiye amatsegula buku n'kunena kuti onani zinalimo kale. Sindinamvepo atanena lero chimene labu idzapeze chaka chamawa. Ndipo tisawaseke Ahindu okha, akwathu omwe timachita zomwezi ndi Genesis, anzathu achisilamu ndi Korani, mtima wake ndi umodzi, kuopa kuti chikhulupiriro chathu chichepa ngati sichivala gawuni yoyera ya mu labu. Kuno khalidweli lili ndi mbiri yaitali, Dayananda Saraswati amene anayambitsa gulu la Arya Samaj mu 1875 ankaphunzitsa kuti nzeru zonse zoona mizu yake ili m'ma Veda, ndipo mu 2015 pa msonkhano waukulu wa asayansi a dziko lino ku Mumbai munthu wina anaimirira n'kunena kuti makolo awo anali ndi ndege zaka masauzande zapitazo, asayansi ambiri a kuno anakwiya nazo kwabasi.

Za manambala ndiye zimakoka mtima, nanenso zinandikoka. Amati pempheroli lili ndi maphatikizo 24, mizere itatu ya 8, ndiye ena amati ndi maola 24 a tsiku, ena amati ndi mafupa 24 a msana. Mafupawo alipodi 24 mukasiya a m'chiuno ogwirana aja. Koma tawerengani mzere woyamba wa vesi ija ndi zala: tat sa vi tur va re nyam. Asanu ndi awiri. Onse pamodzi akukwana 23. Apa ndi pamene sayansi ina, ya zinenero, inandisangalatsa, chifukwa akatswiri anaona kuti kalekale liwulo ankalitchula kuti vareniyam, phatikizo limodzi linamezedwa m'kupita kwa zaka, ndipo muyeso wa ndakatuloyo ndi umene unasunga umboni wa katchulidwe kakale, ngati mmene chitsa chimakuuzira kuti apa panali mtengo. Gayatri kwenikweni ndi dzina la muyesowo, ndipo mavesi ambirimbiri a mu Rig Veda ali mu muyeso womwewo, si ili lokha.

Nanga 108? Apa pali chinthu choona. Mtunda wochoka kuno kukafika ku dzuwa, mukaugawa ndi kukula kwa dzuwa m'mimba mwake, makilomita 1.39 miliyoni, mupeza 107 ndi theka. Mwezi nawo, 384,400 kugawa ndi 3,474, mupeza 110 ndi kanthu. Manambala awiriwa kuyandikana kwake ndi kumene kumachititsa kuti mwezi ukwane ndendende pankhope ya dzuwa pa kadamsana. Mukukumbuka June 2001 tili ku pulayimale, aphunzitsi akutikalipira kuti tisayang'ane kumwamba, nkhuku zikulowa m'khola masanasana, ife tili pansi pa mtengo wa mango tikudabwa timithunzi ta masamba tonse tasanduka timiyezi tating'onoting'ono pa dothi? Tsiku limene lija ndi limene linandilowetsa mu physics, sindinakuuzenipo. Koma 108 wa mikanda ali ndi magwero akeake m'mawerengedwe a kuno, amagawa njira ya mwezi m'magulu a nyenyezi 27 ndipo gulu lililonse lili ndi zigawo zinayi, 27 kuchulukitsa ndi 4. Ndipo ngakhale titati akale anayeza za dzuwazo, sizifuna vumbulutso, zimangofuna kabowo ndi chingwe, ndikuuzani kumapetoku.

Tsono mungafunse kuti ndiye sayansi ilibe chonena pa pempheroli? Ili nacho, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike.

Tsiku lina ndinawapempha ajoba kuti ndikhale nawo padenga, anavomera bola ndisalankhule. Ndinakhala chapatali pafupi ndi thanki ya madzi, foni m'manja, ndikuyang'ana mapewa awo. Amakoka mpweya kamodzi, n'kunena pemphero lonse mpweyawo ukutuluka pang'onopang'ono, mkanda umodzi n'kudutsa, kukokanso. Ndinayeza maulendo makumi awiri, ulendo uliwonse unkatenga masekondi 10 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye kuti akupuma ka 6 pa mphindi, pamene munthu wongokhala amapuma ka 12 mpaka 20. Mikanda yonse 108 inawatengera mphindi pafupifupi 20. Thupi langa linachita tsembwe chifukwa nambala imeneyo ndinali nditaiwerengapo. Mu December 2001 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inasindikiza kafukufuku wa Luciano Bernardi wa ku Pavia ku Italy ndi anzake. Anatenga anthu 23 athanzi, kuwamangirira zoyezera mtima, kupuma ndi kuthamanga kwa magazi, n'kuwauza kuti anene Tikuoneni Maria m'Chilatini monga amachitira pa kolona, wina kuyamba ena kuyankha, kenakonso anene mantra ina, ndiye kuti mawu opatulika onena mobwerezabwereza, imene a yoga amagwiritsa ntchito. Zonse ziwiri zinatsitsa kupuma kufika pa 6 pa mphindi popanda wowauza kuti apume bwanji. Ndipo 6 ameneyu si wamba. BP ya munthu payokha imakwera n'kutsika pang'ono pa masekondi 10 alionse, mtima nawo umafulumira tikamakoka mpweya n'kuchedwa tikamatulutsa, ndiye ukamapuma kamodzi pa masekondi 10 zonsezi zimagwirana mayendedwe ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, wina akakweza musi wina akutsitsa. Anapeza kuti timasensa ta m'mitsempha timene timawongolera BP timayamba kumva msanga, chimene madokotala a mtima amachiona ngati chizindikiro chabwino.

Amwene, nditakhala padenga paja ndinawaona agogo anga aakazi. Mukuwakumbuka, madzulo alionse pa mkeka pakhonde, kolona wa mikanda yakuda wothothoka mtanda anaumanga ndi ulusi, iwo kuyamba ife kuyankha tikusinza, ndipo ngakhale tsikulo kukhale maliro kapena chimanga chathera m'nkhokwe, akamafika chinsinsi chachitatu mapewa awo amakhala atagwa, mawu atafewa. Ndinkaona ngati ndi ukalamba. Madala a ku Pune ndi gogo wa kwathu sanaonanepo, milungu yawo ndi yosiyana, koma mapapo awo anapeza muyeso umodzi. Misozi inalengeza ndithu.

Koma muone bwino chimene kafukufukuyo akunena ndi chimene sakunena. Mantra imene anayesa sinali Gayatri, inali ya Abuda ija ya om mani padme. Anthu anali 23 okha, athanzi, ndipo anayeza zochitika pa mphindi zochepazo, sanati munthu achira matenda. Chimene chikugwira ntchito pathupi ndi kapumidwe, osati chinenero. Mdzukulu wa ajoba, mnyamata wa engineering amene amakhulupirira vidiyo ngati yanuyo ndi mtima wonse, tinakangana mpaka tiyi kuzizira, iye akuti mphamvu ili m'maphatikizo a Chisanskrit enieniwo, ine ndikuti nanga Chilatini chinatha bwanji. Ndimamukonda mnyamatayo, ndi wanzeru, ndipo ndikumvetsa pamene waima. Anthu awa analamulidwa ndi Angelezi mpaka 1947 akuuzidwa kuti za makolo awo ndi zachikunja zopanda pake, ife tikuidziwa bwino nyimbo imeneyo, ndiye mwana akamva kuti NASA yavomereza amamva ngati agogo ake apukutidwa misozi. Koma n'chifukwa chake zimandiwawa, chifukwa mapeto ake ukuperekanso chidindo kwa mzungu yemweyo kuti ndiye anene ngati pemphero la agogo ako lili ndi phindu.

Nthawi imene amapempherayo nayonso ili ndi nkhani. M'maso mwathu muli timaselo tina tosaonera zinthu koma tongoyeza kuwala, timatumiza uthenga ku kachigawo ka ubongo kamene kali ngati wotchi ya thupi lonse, ndipo kuwala kwa m'mawa ndi kumene kumaikonza wotchiyo tsiku ndi tsiku kuti tulo tibwere nthawi yake. Amene anapeza majini oyendetsa wotchi imeneyi, poyesa pa tintchentche ta zipatso, analandira mphoto ya Nobel mu 2017. Munthu amene kwa zaka 70 wakhala panja mphindi 20 dzuwa likutuluka, wotchi yake ndi yokhazikika. Koma mlimi wa kwathu wolawirira kumunda ndi khasu amapezanso zomwezo osanena liwu limodzi la Chisanskrit.

Chimene chimandigometsa kwambiri ine si zonsezi, ndi mmene mawuwa anafikira kwa ajoba. Rig Veda ili ndi nyimbo 1,028, mavesi oposa 10,000, ndipo kwa zaka mazanamazana inkayenda pakamwa pokha, mphunzitsi kupatsira mwana. Kuti liwu lisasochere anapanga njira zolowezera zodabwitsa, ina amanena mawu awiriawiri, ina imene amaitcha ghana amapita kutsogolo n'kubwerera, loyamba lachiwiri, lachiwiri loyamba, loyamba lachiwiri lachitatu, lachitatu lachiwiri loyamba, loyamba lachiwiri lachitatu, choncho mpaka vesi kutha, moti ukalakwitsa pamodzi zimadziulula zokha penapo. Ndi nzeru yomwe ija makompyuta amagwiritsa ntchito potumiza uthenga, kubwereza mwadongosolo kuti cholakwika chigwidwe. UNESCO inaika kaimbidwe kameneka pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2003, Gule Wamkulu wathu analowa pa mndandanda womwewo mu 2005. Konkuno ku Pune ku Bhandarkar Institute amasunga mipukutu ya Rig Veda yolembedwa pamanja, wakale kwambiri ndi wa 1464, ndiye muone kutalika kwa ulendo umene mawuwa anayenda m'mitu ya anthu. Ngati mnyamata uja akufuna chonyadira, ndi chimenechi, ndipo sichifuna bodza.

Sindikubisirani mbali inayo. Kwa nthawi yaitali pempheroli linali la anyamata a mitundu yapamwamba okha, amene amavekedwa kaulusi kaja pa mwambo wa upanayana, akazi ndi anthu a mitundu yonyozedwa sankaloledwa kulinena. Pemphero lopempha kuti nzeru zathu zidzuke, koma athu akewo anali ochepa. Magulu ngati Arya Samaj yomwe ija ndi ena a pambuyo pake ndi amene analitsegulira aliyense, moti lero limamveka m'masukulu, m'mabasi, ngakhale belu la pakhomo la nyumba ina ya mumsewu mwathu limaimba lomweli. Yunivesite yaikulu ya mumzinda uno imatchedwa dzina la Savitribai Phule, mayi amene pamodzi ndi mwamuna wake anatsegula sukulu ya atsikana kuno mu 1848 anthu akumugenda ndi ndowe panjira. Dzina lakelo muzu wake ndi Savitr yemwe uja. Ndikadutsa pa chipilala chake ndimaganiza kuti mayi ameneyu ndi amene analitenga pempherolo n'kuliyendetsa ndi miyendo.

Tsiku la mkangano lija ajoba anali phee pampando akumvetsera. Titatopa ndinawafunsa kuti inu mukuti bwanji, dzuwa limaimbadi Om? Anandiyankha m'Chingelezi chawo cha ku njanji kuti iwo anapatsidwa pempheroli ali ndi zaka 8, atafunditsidwa nsalu limodzi ndi bambo awo, bambowo n'kuwanong'oneza m'khutu, ndipo nthawi imeneyo NASA kunalibe. Anati sanayambe akwerapo padenga kuti akamve dzuwa likulankhula, amakwera kuti mutu wawo ukhale bwino asanayambe kulankhula ndi anthu. Kenako anamuuza mdzukulu wawo kuti ngati mlendoyu akunena zoona pa za mafundezo ndiye umvere, chifukwa pemphero limene ukuliteteza limapempha nzeru zowongoka. Mnyamata anangoti duu. Inenso ndinasowa chonena.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuliwerenga pempheroli ndi maso a physics mwa njira yanga, ndipo ndikunenetsa kuti ndi kuwerenga kwanga, si zimene Vishvamitra ankadziwa. Iye sankadziwa kuti dzuwa ndi haidirojeni, zimenezo anazipeza ndi mtsikana wina, Cecilia Payne, mu 1925, akuluakulu n'kuyamba amukanira. Sankadziwa kuti pakati pake pamatentha madigiri 15 miliyoni, kuti sekondi iliyonse matani 600 miliyoni a haidirojeni amasanduka hiliyamu ndipo matani 4 miliyoni amasowa n'kukhala kuwala, zimene Hans Bethe anazilongosola mu 1939. Koma tatsatirani kuwalako. Kumayenda mphindi 8 ndi masekondi 20, kugwera pa tsamba la chimanga m'munda mwanu, tsamba n'kukumanga kukhala chakudya, alamu n'kuphika nsima, inu kudya, shuga wake n'kulowa m'magazi, ndipo ubongo umene ndi kagawo kakang'ono ka thupi umatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yonseyo. Ganizo lililonse limene mukuganiza powerenga kalatayi likuyaka ndi moto wa dzuwa. Ndiye munthu wa zaka 3,000 zapitazo akaima m'mbali mwa mtsinje m'bandakucha n'kunena kuti iwe wodzutsa zinthu, dzutsa maganizo athu, ine wa physics sindipeza pomutsutsa. Anaona mbalame, ng'ombe ndi ana zikudzuka kuwala kukafika, n'kumva kuti nzeru zakenso zimachokera kunja kwa iye, ndi mphatso. Ife tadzapeza njira imene mphatsoyo imadutsa. Zoti kuseri kwa kuwalako kuli wina womva pempho, labu singayeze, pamenepo ajoba ali ndi yankho lawo, ine ndili ndi langa la ku tchalitchi, ndipo timamwera limodzi tiyi.

Ndipo a kuno akafuna kulidziwa dzuwa mwa sayansi satsegula Veda ayi. Pa 2 September 2023 anatumiza chombo chotchedwa Aditya-L1, Aditya ndi dzina linanso la dzuwa, chinakaima makilomita 1.5 miliyoni kuchoka kuno mu January 2024, ndipo imodzi mwa makamera ake inapangidwa mumzinda uno ku IUCAA, malo ofufuzira za nyenyezi. Dzina analitenga kwa makolo, masamu anachita okha. Mnzanga wina wa m'kilasi amanena Gayatri m'mawa uliwonse, 9 koloko ali mu labu akukangana ndi manambala mpaka atagwirizana, ndipo vidiyo yanu ija nditamuonetsa anagwira kumutu.

Ndiye ana anuwo apatseni izi. Vidiyoyo aonetseni ndithu koma ngati funso, awerengere okha za 42,000 ndi 300 zija, apeze okha chifukwa chake ikumveka ngati bambo akung'ung'udza. Tsiku lina muwauze agwirane pamkono awiriawiri, wina apume mwachizolowezi kenako apume kamodzi pa masekondi 10, mnzakeyo amve mmene kugunda kukufulumirira pokoka n'kuchedwa potulutsa, aliyense angagwiritse pemphero la kwawo kapena kungowerenga manambala, musakakamize mwana. Koma chimene ndikufunitsitsa ndi ichi. Pezani katoni, boolani kabowo kakang'ono ndi singano yosokera matumba, tulukani nawo panja dzuwa lili bwino. Mwana mmodzi agwire katoniyo m'mwamba, wina agwire pepala loyera kumunsi moyang'anizana ndi dzuwa, pasapezeke woyang'ana dzuwalo ndi maso, onse ayang'ane papepala. Paoneka kadontho kozungulira kowala, kameneko ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo, chimodzimodzi timiyezi ta pansi pa mango tija. Ayeze mtunda wochoka pa katoni kufika papepala, ayezenso kadonthoko m'mimba mwake, agawe. Pa mita imodzi ndi masentimita 8 kadontho kamakhala pafupifupi sentimita imodzi. Akatalikitsa kufika mamita awiri zimayezeka bwino, bola kabowo kakhale kakang'ono ndipo pepala likhale pamthunzi. Magulu onse alembe zimene apeza pa bolodi, ena apeza 95 ena 115, musawakonzere, atenge avereji okha.

Munditumizire chithunzi cha bolodilo. Ajoba ndawauza kale kuti ana a ku Malawi akufuna kuyeza mikanda yawo ndi katoni, aseka mpaka kutsokomola ndipo akuti akufuna aone manambalawo ndi maso awo. Mayeso anga akutha mwezi wamawa, ndikapeza wobwera kumeneko ndimupatsira timagalasi toonera kadamsana ta kilabu yanu ya sayansi ija. Mundiperekere moni kwa alamu, ana ndi mayi, muwauze mayiwo kuti ufa uja unafika ndipo ndikuudya mosinira.

Ndine wanu,
mnzanu wa pansi pa mango uja